Kodi Kudya Kangati Patsiku N'kumene Kumaondetsa Munthu?

 Ine ndine mlangizi wa achinyamata kuno ku Neno, ndipo ndili ndi zaka 20. Lero ndabwera ndi nkhani ya chakudya. Mwina wina afunsa kuti, "Nanga nsima ikulowa bwanji m'kalata ya nkhani za Edzi?" Dekhani, muona pomwe zikukumanirana.

Mkangano wa ku kalabu kwathu

Loweruka lina, titamaliza kukonzekera sewero, panabuka mkangano. Mnyamata wina amene amasewera mpira anati anaonera pa foni kuti munthu wofuna kuchepetsa thupi azidya kasanu ndi kamodzi patsiku, pang'onopang'ono. Akuti m'thupi muli ngati moto, ndiye ukamasonkhezera pafupipafupi suzima, ndipo mafuta amasungunuka okha.

Mtsikana wina anamuseka. "Aise, munthu ungaonde bwanji ukungotafuna tsiku lonse ngati mbuzi? Ine ndimadya kamodzi basi, madzulo."

Wachitatu analowererapo nati onse awiri akunama. Iye anamva kuti ukadumpha kadzutsa thupi limachita mantha, limayamba kusunga mafuta, ndiye umanenepa kwambiri.

Onse anatembenukira kwa ine. Kunena zoona, ndinalibe yankho. Ku maphunziro athu anatiphunzitsa za makondomu, za kuyezetsa magazi ndi za kupewa mimba, koma izi ayi. Ndinawauza kuti andipatse masabata awiri, paja safunsa anadya phula.

Anthu atabalalika, mtsikana wodya kamodzi uja anatsalira. Iyeyu ali ndi zaka 18, anabadwa ndi kachirombo ka HIV ndipo wakula akumwa ma ARV. Wandilola kuti ndilembe nkhani yake bola ndisatchule dzina. Anandiuza motsitsa mawu kuti: "Achemwali, ine ndanenepa, anzanga akunditchula mayina kusukulu. Anthu akuti ndi mankhwalawa. Ndiye kupatula kudya kamodzi, masiku ena mankhwala sindikumwa."

Apa m'pamene ndinazindikira kuti nkhaniyi si yamasewera. Ndinakafunsa azaumoyo, ndinawerenganso, ndipo zimene ndinapeza ndi izi.

Kodi chakudya chimapita kuti m'thupi?

Chakudya chilichonse chili ndi mphamvu, ndipo mphamvuzi amaziyeza m'makalori. Thupi limazigwiritsa ntchito m'njira zitatu.

Yoyamba, imenenso imatenga gawo lalikulu, ndi yongosunga moyo. Mtima umagunda, mapapo amapuma, ubongo umagwira ntchito, thupi limakhala lofunda, ngakhale uli m'tulo. Kwa anthu ambiri ntchito imeneyi imatenga magawo 6 kapena 7 mwa magawo 10 a mphamvu zonse za tsiku.

Yachiwiri ndi ntchito zimene timagwira: kulima, kutunga madzi, kukwera zitunda za kwa Dambe ndi thumba la mbatatesi pamutu, kupalasa njinga, kusewera mpira.

Yachitatu ndi kugaya chakudya chenichenicho. Kuti m'mimba mugaye nsima, thupi limawononga mphamvu pang'ono, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu za m'chakudyacho.

Zonsezi pamodzi ndi zimene m'Chingerezi amati metabolism. Mphamvu zimene wadya zikaposa zimene wagwiritsa ntchito, zotsalazo thupi limazisunga ngati mafuta. Zikaperewera, thupi limatapa m'nkhokwe yake, ndipo umaonda.

Chitsanzo cha kuchigayo

Maganizo a mnyamata wampira uja achokera pa njira yachitatuyi. Anthu anaona kuti ukadya, thupi limawononga mphamvu pogaya. Ndiye anati: tikamadya kambirimbiri, tiziwononganso mphamvu kambirimbiri. Zikumveka ngati zanzeru, koma pali pamene anaphonya.

Taganizirani za kuchigayo. Mwini chigayo amalipiritsa potengera kuchuluka kwa chimanga. Ukapita ndi ndowa zitatu ulendo umodzi, ulipira za ndowa zitatu. Ukachigawa chimanga chomwecho n'kupita maulendo 6, ulipirabe za ndowa zitatu. Maulendo achuluka, koma chimanga n'chomwechija. Thupi nalonso limatero. Mphamvu zogayira chakudya zimadalira kuchuluka ndi mtundu wa chimene wadya. Ukadya pang'ono limawononga pang'ono, ukadya zambiri limawononga zambiri, ndipo dzuwa likamalowa chiwerengero chimakhala chimodzimodzi.

Komanso thupi si moto wa pamafuwa woti ungazime chifukwa wachedwa kuikapo nkhuni. Tonsefe timagona maola 8 kapena kuposerapo osadya kanthu, koma mtima sumaima.

Nanga ofufuza anapeza zotani?

Mu 2010, ofufuza a ku yunivesite ya Ottawa ku Canada anasindikiza zotsatira za kafukufuku wa anthu 16 onenepa kwambiri. Onse anawachepetsera chakudya mofanana kwa masabata 8. Gulu lina linkadya katatu patsiku, gulu lina kasanu ndi kamodzi. Pomaliza magulu onse awiri anatsika sikelo mofanana. Kudya pafupipafupi sikunawonjezere kanthu.

Nanga kudya maulendo ochepa? Mu 2022 panatuluka zotsatira za kafukufuku wa mumzinda wa Guangzhou ku China. Anthu 139 onenepa kwambiri anawachepetsera chakudya mofanana kwa chaka chathunthu. Theka linkaloledwa kudya pakati pa 8 koloko m'mawa ndi 4 koloko madzulo pokha, theka lina linkadya nthawi iliyonse. Gulu loyamba linatsika ndi makilogalamu pafupifupi 8, lachiwiri makilogalamu oposa 6 pang'ono, ndipo ofufuzawo anati kusiyanaku n'kochepa moti sikungatengedwe ngati umboni. Chimene chinatsitsa sikelo ndi kuchepa kwa chakudya.

Za kadzutsa nazonso anazifufuza. Mu 2019 ofufuza a ku Australia anaphatikiza zotsatira za kafukufuku 13, ndipo sanapeze umboni woti kudya m'mawa kumathandiza kuchepetsa thupi, kapena woti kudumpha kadzutsa kumanenepetsa. Musandimve molakwika: phala la m'mawa ndi lofunika kwa mwana wasukulu kuti asamawodzere m'kalasi. Koma si mankhwala oondetsa.

Choncho pa mkangano uja palibe amene anapambana. Kudya kamodzi, katatu kapena kasanu ndi kamodzi, pakokha sikuondetsa ndipo sikunenepetsa. Nkhani yagona pa kuchuluka kwa zimene wadya tsiku lonse, mtundu wake, ndi ntchito imene thupi lagwira.

Umboni tili nawo pakhomo

Ife a ku Neno sitikusowa kupita ku Canada kuti timvetse zimenezi. Mu Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zikauma, mabanja ambiri amadya kamodzi patsiku. Kodi amanenepa chifukwa thupi lachita mantha? Ayi, amaonda. Ndipo chowaondetsa ndi chakuti ufa wachepa pamene ntchito ya kumunda ili pachimake. Makolo athu amene anaona njala ya 2002 ndi ya 2005 akhoza kutifotokozera bwino.

Komano munthu akhoza kudya kamodzi osatsika sikelo n'komwe. Mnzanga uja ndi chitsanzo. Ndinamufunsa kuti andiwerengere zonse zimene zimalowa m'kamwa mwake kuyambira m'mawa. Zinapezeka kuti pofika 10 koloko njala imamupweteka, ndiye amagula mandasi awiri ndi chakumwa chotsekemera. Poweruka amadutsira pachiwaya. Madzulo amafika kunyumba ali wolenguka, n'kudya mitanda inayi ya nsima. Kwa iye zonsezo kunali "kudya kamodzi", poti kwathu kuno ngati sunadye nsima timati sunadye.

Ngakhale anzathu achisilamu amene amasala kudya mwezi wa Ramadan, kafukufuku amasonyeza kuti ambiri amangotsika ndi kilogalamu imodzi kapena kuposerapo pang'ono, ndipo imabwereranso pakangotha masabata ochepa.

Zoti thupi limachepetsa kagwiritsidwe ntchito ka mphamvu n'zoona, koma zimachitika pa njala yeniyeni, yokhalitsa. Mu 1944 ndi 1945, ku Minnesota m'dziko la America, amuna 36 anadzipereka pa kafukufuku wa njala. Kwa miyezi 6 ankadya pafupifupi theka la chakudya chimene anazolowera. Anataya gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwawo, ankangomva kuzizira, analefuka, anayamba kukwiya msanga, ndipo maganizo awo onse anali pa chakudya. Minofu nayo inatha, osati mafuta okha. Kudzikhaulitsa ndi njala kumathera pamenepo, ndipo si zimene tikufunira wachinyamata aliyense.

Nanga langizo loti "idyani pang'ono koma pafupipafupi" linachokera kuti?

Ambirife tinalimva kuchipatala kapena kwa anthu osamalira odwala kumudzi. Langizoli ndi labwino, koma cholinga chake n'chosiyana ndi chimene mnyamata wampira uja ankaganiza. Ndi la munthu wodwala amene chakudya chikumukanika: ali ndi nseru, ali ndi zilonda m'kamwa, akutsegula m'mimba kapena alibe chilakolako cha chakudya. Munthu wotere sangamalize mbale ya nsima. Ndiye amamupatsa phala la nsinjiro pang'ono, pakapita nthawi nthochi, kenaka thobwa, kuti pakutha pa tsiku akhale atadya zokwanira. Ndi njira yothandiza munthu kuwonjezera thupi.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2003 kuti munthu wamkulu amene ali ndi HIV koma sakudwala amafunika mphamvu zowonjezera ndi 10 pa 100 iliyonse, ndipo amene wayamba kudwala amafunika zowonjezera ndi 20 mpaka 30 pa 100 iliyonse. Nthawi imeneyo vuto lalikulu linali kuonda, mpaka matendawa anthu ankawatcha kaliwondewonde.

Pali anthu ena amene kwa iwo kuwerenga maulendo a kudya n'kofunikadi. Ana aang'ono ali ndi kamimba kakang'ono: mwana wa miyezi 6 mpaka 8 azidya kawiri kapena katatu patsiku kuwonjezera pa kuyamwa, ndipo wa miyezi 9 mpaka 23 azidya katatu kapena kanayi, ndi tina totolatola pakati. Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa amafunika chakudya chowonjezera. Odwala matenda a shuga amene amabaya insulin kapena kumwa mapiritsi ena otsitsa shuga akadumpha chakudya akhoza kunjenjemera, kutuluka thukuta, ngakhale kukomoka kumene. Anthu amenewa asayerekeze kusala kudya asanafunse kuchipatala.

Kodi ma ARV amanenepetsa?

Funso limeneli ndi limene linkamusowetsa tulo mnzanga uja, ndipo sindikufuna kulizemba.

Ma ARV aulere anayamba kuperekedwa m'zipatala za boma mu 2004. Mankhwala a nthawi imeneyo, a Triomune, anapulumutsa anthu ambiri, koma ena ankawaphwetsa masaya ndi kuwaondetsa manja ndi miyendo. Anasiyidwa kalekale. Mu 2019 dziko lathu linayamba kusinthira anthu ku mankhwala okhala ndi dolutegravir, amene ambiri amawadziwa kuti 13A. Mankhwalawa amatsitsa msanga chiwerengero cha tizirombo m'magazi, ndipo kachirombo sikawazolowera wamba.

Chaka chomwecho cha 2019 panatuluka zotsatira za kafukufuku wotchedwa ADVANCE, amene anachitikira ku Johannesburg pa anthu oposa 1,000 oyamba kumene ma ARV. Patatha masabata 48, amene ankamwa mankhwala ofanana ndi 13A anali atawonjezera makilogalamu pafupifupi 3, pamene omwa mankhwala akale okhala ndi efavirenz anawonjezera ocheperapo. Amayi ndi amene anawonjezera kwambiri kuposa abambo. Choncho anthu sakunama: ena amawonjezeradi thupi. Gawo lina la kuwonjezeraku ndi thupi kubwerera m'chimake kachirombo kakagonja. Ndipo kwa mtsikana wa zaka 18, kwina ndi kukula chabe, poti pa msinkhu umenewu chiuno ndi mabere zimakhala zikukhwima.

Koma kudumpha mankhwala kuti uonde kuli ngati kutentha nyumba pofuna kupha khoswe. Ukamamwa modumphadumpha, tizirombo timachulukananso, chitetezo chimatsika, TB ndi matenda ena amapeza khomo, ndipo kachirombo kakhoza kufika posamveranso mankhwalawo. Ukhoza kuondadi, koma kuonda kwake n'kwa matenda.

Chinanso choti mudziwe: 13A amamwedwa kamodzi patsiku, kaya wadya kaya sunadye. Ngakhale mwezi wa njala, kunyumba kulibe ufa, imwani mankhwala anu. Ngati mukumwanso mapiritsi owonjezera magazi kapena a chilungulira, auzeni anamwino kuti akuuzeni nthawi yake, chifukwa amatha kulepheretsa dolutegravir kulowa bwino m'thupi.

Kodi ukufunikadi kuonda?

Tisanathamangire kuchepetsa chakudya, tiyambe taona ngati vuto lilipo. Azaumoyo amayerekeza kulemera ndi kutalika, ndipo chiwerengero chake amachitcha BMI. Umatenga makilogalamu ako n'kugawa ndi kutalika kwako m'mamita, kenaka n'kugawanso kachiwiri ndi kutalika komweko. Mwachitsanzo, munthu wotalika mamita 1.6 wolemera makilogalamu 60, BMI yake ndi 23.4. Kwa akuluakulu, kuyambira 18.5 mpaka 24.9 ndi pabwino, 25 kupita m'tsogolo ndi kunenepa kopitirira, ndipo kuchepera 18.5 ndi kuonda kopitirira. Amene sanakwane zaka 19 ali ndi tchati chawochawo chotengera zaka, choncho akayezetse kuchipatala.

Kunenepa kopitirira kukuchuluka ndithu m'dziko muno. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse anapeza kuti mu 2010 amayi 17 mwa 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 49 anali onenepa mopitirira, ndipo mu 2015 ndi 2016 anafika 21 mwa 100 aliwonse. Kunenepa kotere kumaitana matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Kuno ku Neno, mu 2015 unduna wa zaumoyo pamodzi ndi bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo anayambitsa ndondomeko yoonera pamodzi anthu a HIV, a shuga, a BP ndi a matenda ena okhalitsa. Choncho musachite manyazi kufunsa za sikelo yanu pamene mwapita kukatenga mankhwala.

Ndipo chenjezo ndi ili: ngati ukuonda usanachite chilichonse chofuna kuonda, usasangalale. Kuonda kosadziwika chifukwa chake, makamaka pamodzi ndi chifuwa, kutentha thupi kapena thukuta la usiku, kukhoza kukhala TB. Kuonda pamodzi ndi ludzu losatha ndi kukodza pafupipafupi kukhoza kukhala shuga. Kukhozanso kukhala HIV imene sinayezedwe. Pita kuchipatala. Komanso tisaiwale zimene timaphunzitsana nthawi zonse: woonda sikuti ali ndi kachirombo, ndipo wonenepa sikuti alibe. Choyezera ndi magazi basi.

Ngati sikelo yapitiriradi, tichite chiyani?

Tiyang'ane m'mbale. Nazi zina zimene ndinaphunzira.

Mafuta ali ndi mphamvu zoposa kawiri za ufa kapena shuga wolemera chimodzimodzi. Mbatatesi zathu zomwezi za kumtunda kwa Neno, ukazikazinga kukhala tchipisi, zimakhala ndi makalori oposa katatu a mbatatesi zowiritsa zolemera mofanana. Mbatatesi zilibe mlandu, nkhani ili pa chiwaya.

Botolo la 300 ml la zakumwa zotsekemera limakhala ndi shuga wokwana masupuni aang'ono pafupifupi 8. WHO imalangiza kuti munthu wamkulu asapyole masupuni aang'ono pafupifupi 12 patsiku. Ukaphatikiza ndi shuga wa mu tiyi, wadutsa kale malire, koma njala ili pomwepo. Mowa nawo uli ndi makalori ambiri.

Chepetsa mitanda ya nsima, onjezera ndiwo. Nyemba, nandolo, khobwe, usipa, mazira, chisoso, bonongwe, nkhwani ndi mpiru zimakhalitsa m'mimba. Nsima ya mgaiwa imagwira m'mimba nthawi yaitali kuposa ya ufa woyera. Pofuna chotolatola, sankha nachesi, nthochi, mango kapena gwafa m'malo mwa mandasi. Kumbukira magulu 6 a zakudya aja: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Palibe gulu loti ulitayiretu.

Gwiritsa ntchito thupi. Amene timalima ndi kuyenda mitunda tili kale pabwino. Amene amakhala tsiku lonse mu okala, pa benchi yogulitsira kapena pa njinga yamoto, apeze nthawi yoyenda, yovina kapena yampira.

Nanga tidye kangati? Sankha zimene zikukuthandiza kuti usafike polusa ndi njala, komanso zogwirizana ndi sukulu, ntchito ndi zimene zilipo pakhomo. Kwa achinyamata ambiri amene akukulabe, katatu patsiku ndi bwino ngati chakudya chilipo. Kwa amene amakwanitsa kawiri, palibe choopsa, bola chikhale chakasinthasintha. Ndipo samala ndi tiyi kapena mapiritsi ogulitsidwa m'misika ndi pa intaneti amene amati ndi oondetsa. Ambiri amangotsegula m'mimba, ndipo ena akhoza kusokonezana ndi ma ARV.

Mmene zinathera

Mnzanga uja ndinamuperekeza kuchipatala. Anamwino atamuyeza anapeza kuti wangopitirira pang'ono pa mlingo wake. Sanamukalipire. Anamuuza kuti, "Mwana wanga, thupi tikonza pang'onopang'ono, koma mankhwala usadumphenso ngakhale tsiku limodzi." Anamutenga magazi kuti aone kuchuluka kwa tizirombo, ndipo zotsatira tikudikirabe. Sindikubisirani, tonse awiri mitima ili m'mwamba. Pakadali pano wayambiranso kumwa mankhwala tsiku lililonse, amadya phala m'mawa, ndipo ndalama ya mandasi akumagulira nthochi. Akuti njala ya 10 koloko ija inatha.

Ku kalabu nako tinagwirizana lamulo latsopano: palibe kutchulana mayina chifukwa cha thupi, kaya munthu ndi woonda kaya ndi wonenepa. Mawu amene ife timati ndi nthabwala ndi amene anachititsa mnzathu kusiya mankhwala.

Mafunso oti mukambirane ku kalabu kwanu

1. Aliyense awerenge zonse zimene anadya ndi kumwa dzulo, kuphatikizapo zapamsewu. Kodi anadyadi kangati?

2. Kodi kwanuko anthu amati chiyani akaona wachinyamata waonda? Nanga akanenepa? Mawu amenewa angamuchititse zotani?

3. Mnzanu atakuuzani kuti akudumpha ma ARV poopa kunenepa, mungamuyankhe bwanji, ndipo mungapite naye kwa ndani?

4. Ndi zakudya ziti za m'magulu 6 aja zimene zimapezeka kwanuko mosavuta mwezi uno?

Kambiranani momasuka, ndipo zimene mwagwirizana mutilembere kuti makalabu ena aphunzirepo.